Miyezi isanu ndi iwiri ya achimwene anga ndi ntchito yomwe ndimagwira lero

Ophunzira akabwera kuofesi kwanga kudzafunsa mmene angayambire kafukufuku wa chipembedzo ndi matenda a maganizo, amayembekezera kuti ndiwalembera maina a mabuku. Ndimawalembera ndithu, koma ndimayamba ndawafotokozera za achimwene anga, chifukwa ntchito yonseyi inayambira pa iwo.

Ndinali Folomu 3 pomwe anayamba kudwala. Anali mnyamata wa zaka 22, wochita geni ya kachewere ndi tomato m'mbali mwa msewu wa M1 kwathu ku Dedza. Chinayamba ndi kusowa tulo. Usiku wonse ankangozungulira pabwalo, kenaka anayamba kunena kuti wailesi ikukamba za iwo. Tsiku lina anakankha mbale ya nsima n'kunena kuti mwathiridwa mankhwala, chonsecho nsimayo anaphika ndi amayi athu omwe.

Kwathu zinthu zikafika pamenepa, mawu omaliza amakhala a eni mbumba. Amalume anabwera madzulo omwewo, anakhala pamkeka nthawi yaitali osayankhula, kenaka anati, "Achemwali, mwanayu achita kumulodza. Geni yake imayenda bwino, ndipo si onse ankakondwera nazo." Tinagulitsa mbuzi ziwiri ndipo anapita nawo kwa sing'anga wina kutsidya la malire, ku Mozambique. Anabwerako ndi mphini pachipumi ndi pachifuwa, koma matenda ali pomwepo. Kenaka anthu anatiuza za mneneri wina amene ankapempherera odwala kunyumba kwake. Kumeneko anakhalako milungu itatu. Nditapita kukawaona Loweruka lina, ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, mwendo umodzi atawamanga ndi chingwe cha ng'ombe kuti asathawe, milomo itauma chifukwa cha kusala kudya. Amayi anali pambali pawo, chitenje kumutu, akuwaingitsira ntchentche. Achimwenewo sanandizindikire msanga. Atandizindikira anangoti, "Iwe, wabwera ndi madzi?"

Amene anatitulutsa m'zimenezi anali mayi wina wa Mvano, mnzawo wa amayi, yemwe ankagwira ntchito ya unamwino. Sanawadzudzule amayi ngakhale pang'ono. Anati, "Anaphiri, kupemphera tisasiye, ine ndemwe ndizibwera kudzapemphera nanu. Koma mawa tikwere limodzi minibasi." Kuchipatala cha boma anawatumiza achimwene ku Zomba Mental Hospital. Atabwerako anali atanenepa, akuyenda pang'onopang'ono, manja akunjenjemera, ndipo ena m'mudzi ankati mankhwala awapha ubongo. Koma ankagona, ankadya, ndipo ankatiitana maina athu.

Kuchokera tsiku lomwe anakana nsima kufika tsiku lokwera minibasi panadutsa miyezi isanu ndi iwiri. Funso lomwe linandikhala pamtima linali limeneli. Amayi anga sanali munthu wodana ndi chipatala. Tonse anatipititsa kusikelo, katemera sitinaphonyepo, ndipo mwana akatentha thupi ankamubereka tsiku lomwelo. Nanga n'chifukwa chiyani matenda awa okha anayenda njira ina?

Nditasankhidwa kupita ku Chancellor College ku Zomba, ndinatenga Sociology, maphunziro a mmene anthu amakhalira m'magulu awo. Chaka chachiwiri tinaphunzira za Émile Durkheim, Mfalansa amene mu 1897 anasindikiza kafukufuku wake wa anthu odzipha ku Ulaya. Anapeza kuti m'madera a Akatolika anthu odzipha anali ochepa poyerekeza ndi m'madera a Apolotesitanti. Zipembedzo zonse ziwiri zimaletsa kudzipha, choncho iye anati kusiyanako sikuchokera pa chiphunzitso, koma pa mmene gulu limamugwirira munthu kuti asakhale yekha. Anzanga ankangolemba manotsi kuti adzakhoze mayeso. Ine ndinaona mayi wa Mvano uja ataima pakhomo pathu ndi bulauzi yake yoyera. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti funso langa lili ndi malo m'maphunziro, si nkhani ya m'banja mwathu mokha.

Kukhala ku Zomba kunandithandizanso kumvetsa amalume. Iwo ankakana zopita ndi achimwene kumeneko ponena kuti "ku Zomba amangokatsekera anthu." Ndinkaona ngati ndi umbuli. Koma nditawerenga mbiri ya chipatalacho ndinapeza kuti malo oyamba osungirako odwala misala m'dziko muno, omwe atsamunda anatsegula mu 1910, anali mbali ya ndende ya Zomba Central Prison. Chipatala chapachokha chinadzabwera cha m'ma 1950, ndipo kwa zaka zambirimbiri lamulo loyendetsera chithandizo cha odwalawa linali lija la mu 1948. Amalume ankakumbukira chinthu choona, ngakhale chinali chakale. Kuyambira pamenepo ndinasiya kufulumira kulemba mawu oti "kusadziwa" pofotokoza zomwe anthu akumudzi amachita.

Kwa amene muli pa digiri yoyamba, musamatirire dipatimenti imodzi. Ine ndinkatengako maphunziro ku Psychology ndi ku Theology and Religious Studies, ndipo mabuku ambiri a mbiri ya mipingo ya kuno omwe a Kachere Series amasindikiza ku Zomba komweko ndinawawerenga nthawi imeneyo. Zinandithandiza kwambiri patsogolo. Simungakhale pansi ndi mneneri ngati simukudziwa kusiyana kwa mpingo wa Ziyoni ndi wa Pentekoste, ndipo simungamvetse zomwe namwino akunena ngati simudziwa kusiyanitsa khunyu ndi misala.

Vuto la nkhani yomwe ili pakati pa maphunziro atatu ndi loti aliyense amaikankhira kwa mnzake. Nditayamba kufunafuna thandizo la ndalama za masters, bungwe lina linandiyankha kuti iyi ndi nkhani ya azaumoyo. Lina la zaumoyo linati ndi nkhani ya azaumulungu. Ndinakhala zaka ziwiri ndikuphunzitsa kusekondale, makalata akubwera okana okhaokha. Khomo linatseguka kudzera ku ntchito yomwe poyamba ndinkaiona yaing'ono: kufunsa mafunso m'kafukufuku wa madokotala ena wokhudza amayi oyamwitsa. Ngati mwamaliza digiri ndipo mwapeza mwayi woterewu, utengeni ngakhale ndalama zake zikhale zochepa. Kumeneko ndi komwe ndinadziwana ndi anthu amene anadzandilembera makalata ondiikira umboni, ndipo ndi komwe ndinalakwitsa chinthu chomwe chinandiphunzitsa koposa mabuku onse.

Tinkagwiritsa ntchito mafunso ofufuzira mavuto a maganizo otchedwa SRQ-20, omwe anakonzedwa ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Ndi mafunso 20 oyankha kuti inde kapena ayi: kodi mutu umakupwetekani kawirikawiri, kodi mumagona bwino, kodi mumalira kuposa kale. Limodzi mwa mafunsowo limafunsa ngati munthu wakhala ndi maganizo ofuna kuchotsa moyo wake. Tsiku lina m'mawa ndinakhala pabenchi kuseri kwa chipatala china chaching'ono ndi mtsikana wa zaka ngati 19, mwana ali kubere. Nditafika pa funso limenelo anakhala chete, akukonza kachipewa ka mwana, kenaka anati, "Inde, achemwali. Dzana ndinakatenga mankhwala a makoswe, koma mwanayu analira." Ine ndinachonga m'kabokosi. Ndinamuuza kuti alimbe mtima, ndinapitiriza ndi funso lotsatira, ndipo titamaliza ndinamuthokoza n'kumusiya apite. Pamzere panali amayi ena khumi. Nditafika kunyumba usiku ndi pomwe ndinazindikira chomwe ndinachita. Munthu anandiululira chinthu chomwe mwina sanauzepo wina aliyense, pa nthawi yomwe kuyesa kudzipha unali mlandu m'malamulo athu, ndipo ine ndinachisandutsa chizindikiro papepala. M'mawa mwake ndinauza wotiyang'anira, tinamufunafuna kudzera kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwawo, ndipo tinamupeza ali moyo. Anayamba kulandira chithandizo.

Kuyambira tsiku limenelo sindilola wophunzira wanga kupita kukafunsa anthu asanandionetse papepala kuti munthu akayankha inde pa funso lotere adzamuperekeza kwa ndani, tsiku liti, pa ndalama yochokera kuti. Makomiti ovomereza kafukufuku, monga COMREC kapena omwe ali pansi pa National Commission for Science and Technology, adzakufunsani zomwezi, ndipo ena amadandaula kuti amachedwetsa. Pankhani iyi musadandaule. Ganiziraninso za chilolezo: munthu amene mutu sukuyenda bwino lero sangavomere kufunsidwa, ndipo kuvomera kwa gadiyani sikutanthauza kuti mwiniwake wavomera. Dikirani apezeko bwino, mumufunse yekha.

Chinanso chomwe ndinaphunzira pabenchi paja ndi mawu. Mukangotchula kuti misala, zokambirana zatha, chifukwa kwa anthu ambiri wamisala ndi uja woyenda ndi nsanza pamsika, wotola m'mabini. Palibe mayi angavomere kuti ali m'gulu limenelo. Anthu amati "ndikuganiza kwambiri," "mtima ukumandithamanga," "ndili ndi nkhawa," "thupi lonse langofooka," ena amangoti BP yakwera. Anzathu a ku Zimbabwe ali ndi mawu ofanana, kufungisisa, ndipo Dixon Chibanda ndi anzake ku Harare anamangapo ntchito yonse ya Friendship Bench pa mawu amenewo, kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu. Mukamalemba zomwe anthu akuuzani, lembani mawu awo enieni m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyawo musanamasulire. Mukafulumira kuwasandutsa Chingerezi mudzataya chinthu chomwe munapitira.

Pa masters ndi pa PhD, yomwe ndinakachita ku South Africa koma kafukufuku wake ndinachitira kuno, ndinatsatira mabanja omwe ali ndi wodwala, kuyambira tsiku lomwe anaona kuti zinthu sizili bwino. Ndinagona m'malo opempherera, ndinakhala pamizere ya kuchipatala, ndinayenda pa kabaza kupita kwa asing'anga. Ndinapeza kuti mabanja sasankha mbali imodzi ngati mmene timalembera m'mabuku. Amapita uku, n'kubwerera uko, nthawi zina tsiku limodzi lomwelo, mapiritsi ali pamfundo ya chitenje, madzi odalitsidwa ali m'botolo. Chimawatsogolera kawirikawiri ndi mtunda, ndalama ya thiransipoti, ndi amene ali ndi mawu m'banjamo. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba. Kumpoto anthu amadalira kwambiri St John of God ku Mzuzu, chomwe chimayendetsedwa ndi a mpingo wa Katolika. Munthu wa ku Nsanje kapena ku Mchinji ali ndi mneneri pamtunda woyenda wapansi.

Ndipo mneneriyo amapereka zinthu zomwe banja likuzisowa. Amayankha funso loti chifukwa chiyani mwana wanga, chifukwa chiyani pano. Amamugwira wodwala pamutu pomwe anthu ena onse akumuthawa. Gadiyani amapeza pogona ndi anzake a mavuto ofanana, ophika nawo limodzi pamafuwa. Kuchipatala kilinikala mmodzi amakhala ndi mzere wofika panja, choncho amafunsa zochepa, n'kulemba m'buku chlorpromazine kapena haloperidol, n'kuitana wotsatira. Nthawi zambiri palibe amene amafotokozera banja kuti kuuma khosi, kunjenjemera ndi kutuluka dovu zimabwera ndi mankhwalawo, ndi kuti alipo ena monga benzhexol ochepetsa zimenezi. Banja likaona mwana wauma ngati mtengo limati matenda akula, n'kubwerera kumapemphero.

Koma ndikuchenjezeni inu amene mumakonda zachikhalidwe ndi zauzimu, monga mmene inenso ndimazikondera. Musakometse zomwe simuyenera kukometsa. Ndinaona anthu omangidwa ndi unyolo mpaka zilonda m'miyendo. Ndinamva ndi makutu anga mlaliki akuuza anthu kuti amene ali ndi chikhulupiriro chenicheni abweretse mapiritsi kutsogolo awatenthe. Mtsikana wina wa khunyu amene ndinkamutsatira anasiya phenobarbitone atauzidwa zimenezi, ndipo patangotha milungu iwiri anagwera pamoto akuphika phala. Ndinaonanso gogo wina akuthamangitsidwa m'mudzi atatchulidwa pamapemphero kuti ndiye analodza mdzukulu wake, ngakhale lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Wofufuza amene amalemba za chitonthozo cha mapemphero n'kusiya izi akunamiza owerenga. Amene amalemba izi zokha n'kusiya chitonthozocho akunamizanso.

Funso lomwe lidzakupezani, kaya mufune kaya musafune, ndi la chikhulupiriro chanu. Ine ndine wa CCAP, ndinakulira m'kwaya, ndipo mpaka lero ndimapita kutchalitchi. Kunja ena ankakayika ngati munthu wopemphera angafufuze chipembedzo mosakondera. Kuno ena ankati sukulu yandichotsa pa Mulungu. Mneneri wina, bambo wachikulire wodekha, anandifunsa tili pakhonde pake, "Mayi, tisanapitirire, inuyo mumakhulupirira kuti ziwanda ziliko?" Ndinamuyankha kuti, "Abusa, ndimawerenga Baibulo lomwe inu mumawerenga. Koma achimwene anga anamangidwapo pamtengo, ndipo chomwe chinawamasula ndi jekiseni wa mwezi ndi mwezi pamodzi ndi anthu omwe sanasiye kuwapempherera. Ndabwera kudzaphunzira mmene inu mumasiyanitsira odwala anu." Anakhala kaye chete, kenaka anayamba kundifotokozera kuti alipo ena amene iye amawaona kuti "awa ndi akuchipatala," makamaka osuta chamba ndi ogwa khunyu. Tinacheza mpaka dzuwa kupendeka. Ndikanabisa za ine, kapena ndikananamizira kuvomereza zonse, sindikhulupirira kuti akanandiuza zimenezo.

Musaiwalenso kuti Malawi si mpingo wanu wokha. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse ndi Asilamu. Ku Mangochi ndi ku Machinga mudzamva za majini ndipo banja limayamba kwa shehe. Kumpoto kuli vimbuza, gule wochiritsa wa Atumbuka yemwe bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi mu 2005, momwe wodwala amavina mizimu yake usiku ng'oma zikulira, abale akuomba m'manja. Ine ndinachedwa kupita kumadera amenewa, ndipo zolemba zanga zoyamba zimaoneka kuti zinalembedwa ndi munthu wa chigawo chapakati amene ankaganiza kuti waona dziko lonse. Pezani anzanu ochokera kumeneko mulembe nawo limodzi, maina awo akhale papepala.

Za ntchito yeniyeni ya kuyunivesite ndinene mwachidule. Imayenda pang'onopang'ono. Kukwezedwa kumadalira zomwe mwasindikiza, ndipo pepala limodzi likhoza kubwezedwa katatu lisanatuluke. Makalasi ndi aakulu, zolemba zochonga sizitha, ndipo ntchito za mabungwe zolipira msanga zimakopa, mpaka munthu umapezeka zaka zitatu zadutsa osalemba chako. Ine ndinadziikira Lachisanu m'mawa kuti ndi nthawi yolemba basi, foni yozimitsa. PhD ndinaichita ndili ndi ana awiri aang'ono, ndipo popanda amayi anga ndi mng'ono wanga amene anabwera kudzakhala nawo sindikanamaliza. Lembani limodzi ndi madokotala ndi anamwino a matenda a maganizo. Iwo amadziwa zomwe inu simudziwa, ndipo nawonso amasowa munthu wowafotokozera zomwe zimachitika wodwala akatuluka pageti.

Dzisamaleninso. Nkhani zomwe mudzamve ndi zolemera. Chaka chachiwiri cha PhD ndinayamba kusowa tulo, ndinkamvetsera mawu a pa rekoda mpaka usiku pakati, ndipo mantha anandigwira kuti mwina za achimwene zayamba ine. Ndinapita kukaonana ndi mlangizi wa za maganizo, ndinauzanso amayi awiri a Mvano omwe ndimawakhulupirira. Sinali misala, kunali kutopa ndi chisoni cha anthu ena chomwe ndinachisenza ndekha nthawi yaitali. Tsopano gulu langa likabwera kofufuza timakhala pansi kaye kukambirana zomwe zatikhudza tisanayambe kukamba za zomwe tapeza.

Chomwe ndimachiona chaphindu koposa mapepala a Chingerezi ndi kubweza zomwe ndapeza kwa eni ake. Chaka chatha tinasonkhanitsa abusa, aneneri ndi mashehe a dera lina m'kalasi ya sukulu ya pulayimale, pamodzi ndi namwino wa matenda a maganizo wa m'bomalo. Sitinakangane za ziwanda. Tinakambirana zinthu zitatu zokha: kusamanga munthu, kusamuletsa mankhwala, ndi kudziwa tsiku lomwe namwinoyo amabwera kuchipatala chapafupi. Ena anatuluka osakhutira, mmodzi ananena poyera kuti tikufuna kulanda nkhosa zake. Ambiri analemba nambala ya namwino uja kuseri kwa Mabaibulo ndi m'timabuku tawo.

Achimwene anga tsopano ali ndi zaka za m'ma 40. Amabayitsa jekiseni wawo mwezi ndi mwezi, ndipo mwezi womwe mankhwala asowa kuchipatala timathamanga kukagula kufamase. Anadwalanso kawiri, ulendo wina atasiya okha mankhwala poona kuti achira. Geni anayambiranso, ali pabanja, ndipo Lamulungu ndi iwo amene amayala mabenchi m'tchalitchi anthu asanafike. Anandilola kuti ndilembe nkhani yawo, koma anati ndisaiwale kunena kuti chingwe chija chinkapweteka.

Lamulungu lapitali madzulo foni inalira ndikuchonga mayeso. Anali mmodzi mwa abusa a pamsonkhano uja. "Mayi, pepani ndakuvutitsani usiku. Ndili ndi mnyamata pano, masiku anayi sanagone, akuti akumva mawu. Tamupempherera, ndipo makolo ake ndawauza kuti agone konkuno. Namwino uja foni yake siikupezeka. Paja munati amabwera liti?" Ndinawauza kuti Lachiwiri, koma asadikire, apite naye kuchipatala cha boma m'mawa, atenge buku lake lakuchipatala, ndipo apite ndi munthu amene anaona mmene zinayambira. Anati apita naye okha pa njinga yamoto ya mpingo.